Amuna anga BP yakwera, ndiziwaphikira chiyani?

Membala wobisa dzina:
Admin ndibiseni dzina chonde, abale a amuna anga ali pagulu pompano. Bambo akunyumba anapita kuchipatala mutu ukuwawaza, atawayeza anawauza kuti BP yakwera, asamale zakudya. Bambo awo anapita ndi sitiroko, azakhali awo khansa, ndiye ine tulo sindikuliona. Vuto munthuyu masamba amati ndi chakudya cha mbuzi. Ndikaphika nkhwani amangotema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja, mawa lake ndimve kuti anali pachiwaya ndi anzawo. Pakhomo pano palinso mlamu wanga amene anabwera pa Khirisimasi ati wadzacheza, mpaka lero, ndipo mchere amawaza asanalawe n'komwe. Apongozi nawo akuti ndikuwaphera mwana ndi mafuta, chonsecho ndimagula oyeza a m'timapepala. Ndithandizeni zakudya zoteteza mtima ndi khansa, koma zosaboola m'thumba.

Ngoni Weniweni:
MGAIWA mayi! Matenda onsewa mwawaitana nokha ndi ufa woyera, mabuloila ndi ma cube. Mumakonola chimanga, gaga n'kupatsa nkhumba, inu n'kumadya zotsalira. Nkhumba ili ndi BP? Agogo anga ankadya bonongwe, chisoso, nyemba ndi therere, anamwalira mano ali onse.

Nasibeko:
Ndine namwino. Kodi makina anaonetsa manambala anji? Ndipo anawapatsa mankhwala? Tiyambire pamenepo. Pa zakudya, choyamba ndi mchere: a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa mu buledi, ma cube ndi nsomba zouma zothira mchere. Chotsani mchere patebulo.

Ngoni Weniweni:
Mankhwala a chiyani? Chammwamba ndi adyo m'madzi ofunda m'mawa uliwonse, BP imathawa yokha. Anthu a kuchipatala mumangodziwa mapilitsi.

Nasibeko:
Bambo, therere la agogo anulo ngati mukuthira soda dziwani kuti soda ili ndi sodium, yemweyo ali mumchere. Chammwamba ndi ndiwo yabwino, koma si cholowa m'malo mwa mankhwala.

Wa ku Joni:
Sisi nkhani yanu ndi yanga. Nditafika Johannesburg ndinkadya polony ndi buledi m'mawa, masana soseji, usiku tchipisi, poti kuphika nthawi inalibe. Tsiku lina ndinagwa pantchito, abwana m'malo mondipepesa anandidula malipiro a tsikulo. Kunja kuno munthu sudwala. Ndi lendi yakwera, panopa tikugona anthu anayi chipinda chimodzi.

Mai a Tadala:
Koma mlamuyo abwerere kwawo. BP ya amuna anu ndi imeneyo, si mchere ayi.

Che Bwanali:
Mwamuna wothawa ndiwo kunyumba pali chifukwa. Mwina kaphikidwe. Nkhwani wotendera bwino palibe mwamuna angamukane.

Mai a Tadala:
Che Bwanali inu mumaphika? Kapena mumangodziwa kukhala pampando kudikira madzi osamba m'manja?

Anaphiri a ku Mchinji:
Poti mwatchula zotendera, samalani nsinjiro. Ife alimi a mtedza timadziwa: wabwino umapita kumsika, wofota ndi wowola uja ndi umene ena amasinja n'kugulitsa ngati nsinjiro. Mtedza ndi chimanga zachuku zimakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka kwa amene ali ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Kuphika sikumupha. Gulani mtedza wathunthu, musankhe nokha, wakuda ndi wowawa mutaye, musinje nokha mumtondo.

Ngoni Weniweni:
Mwaona? Ndimanena ine. Zakudya za makolo!

Anaphiri a ku Mchinji:
Simunanene zimenezo bambo. Mgaiwa wanuwo ukachokera ku chimanga chofuka m'nkhokwe ndiye woopsanso, chifukwa simunachotse gaga.

Ngoni Weniweni:
Khansa ndi ya m'tauni. Kumudzi kunalibe.

Nasibeko:
Inalipo, anthu ankangoti walodzedwa. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya kum'mero ndi yochuluka kwambiri, ndipo odwala ambiri amachokera kumudzi komweko. Fodya ndi kachasu zimaonjezera chiopsezo, tiyi wowotcha kwambirinso amakayikiridwa. A ku Joni, polony ndi soseji zanuzo bungwe la WHO loona za khansa linaziika mu 2015 m'gulu la zoyambitsa khansa ya m'matumbo. Mayi ofunsa, ndikudikirabe manambala aja.

Mfana wa Ndirande:
Ine ndangobwera kudzateteza chiwaya. Mafuta ake akuda bii ngati oilo wa minibasi koma tikadali moyo.

Aunt Chikondi:
Musawasinthire zonse tsiku limodzi, athawiratu. Anga ndinayamba ndi usipa wofutsa wa tomato wambiri, mafuta supuni imodzi, nyemba kapena nandolo kawiri katatu pasabata, nyama ikhale ya apo ndi apo. Ufa ndinkasakaniza woyera ndi mgaiwa mpaka anazolowera. M'mawa mbatata yophika m'malo mwa mandasi. Nthochi, mapapaya, magwafa, chilichonse cha nyengo yake chizikhala poonekera. Amene akufuna ufa wa soya ndi malambe andipeze ku inbox.

Mai a Tadala:
Tinadziwa kuti kumapeto kuli bizinesi.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Za mlamu ndayesa kulankhula koma apongozi amati ndine wodzikonda. Manambala sindinaone, buku la kuchipatala amasunga okha. Mapilitsi anawapatsa koma anamwa masiku ochepa n'kusiya, akuti anzawo anawauza kuti amafooketsa m'nyumba. A Ngoni, chammwambacho ndi cha masamba kapena cha njere?

Nasibeko:
Mayi, imeneyo ndiye nkhani yake, bwanji simunayambe nayo? Abwerere kuchipatala sabata ino akayezedwenso, akanene dandaulo lawolo, mankhwala a BP alipo amitundu ingapo, atha kuwasinthira.

Ngoni Weniweni:
Masamba mayi, muyanike pamthunzi osati padzuwa. Njere ndi za anthu ozolowera.

Che Bwanali:
Koma zoti amafooketsazo, ndikufunsira mnzanga, ndi mtundu uti?