Kodi tingagule bwanji pamsika popanda kudzaza nyumba ndi majumbo?

Mayi wa ku Kamuzu Road, Salima:
Abale anga, ndikupempha nzeru. Ndikapita kumsika ndimabwerako ndi majumbo ambirimbiri, chifukwa wa tomato amandiikira lake, wa usipa lake, ndipo ngakhale mafuta ophikira amabwera atamangidwa m'kapulasitiki. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala m'chaka cha 2015, khoti la Supreme n'kugwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma pamsika majumbowo adakali mbwee. Kodi wogula wa ndalama zochepa ngati ine angachitepo chiyani?

Mphunzitsi wopuma, Senga Bay:
Mayi, gulani dengu kapena chikwama cholukidwa ndi mlaza, chomwe mudzagwiritse ntchito kwa zaka, ndipo ndalamayo idzapita kwa woluka wa konkuno. Pogula mafuta nyamulani botolo lanu lotsuka bwino kuti akuyezereni momwemo. Mpunga wa ku Lifuwu nawo ugulidwe wambiri nthawi imodzi m'thumba lanu ngati ndalama yapezeka. Kuno mvula ikagwa, majumbo otayidwa kumtunda amatsikira kunyanja, ndipo ena amadyedwa ndi mbuzi zomwe pambuyo pake zimafa ndi mimba yotupa.

Msodzi wa ku Nkhotakota:
Aphunzitsi anena zoona, koma ine ndikuona kuti chimene chili m'jumbomo chimaposa jumbolo. Mukagula kasawala, yemwe ndi chambo chosakhwima, mukulipira munthu amene wakokola nyanja ndi ukonde wa maso ang'onoang'ono, mwinanso masikito amene anaperekedwa kuti atiteteze ku malungo. Nsomba imeneyo sinaswepo ngakhale kamodzi. Kwanuko ku Salima, pachilumba cha Mbenji, Gogo Chalo Makanjira amatseka usodzi m'nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane, ndipo n'chifukwa chake asodzi amakhamukirako akatsegula. Wogula akamakana kasawala, ngakhale ndi wotchipa, wogulitsa adzasiya kumupikula kwa ife.

Wogulitsa tomato, Salima:
Ndiloleni ndiyankhulireko ife ogulitsa. Majumbowo timachita kugula ndi ndalama zathu, ndipo amatidyera phindu, koma tikapanda kupereka, wogula amakwiya n'kupita pa benchi ya mnzathu. Mayi, mukabwera ndi dengu lanu mudzanene msanga ndisanayambe kumanga, ndipo ndidzakuikirani tomato mmodzi wa basera.