Code ndi yotseguka koma imadalira CUDA: ndiigawe pawiri kapena ndiilembenso?

Moni nonse a pagulu. Ndili ku Ulongwe, Angónia. Chaka chino ndasiyiridwa ka package ka Python kamene kamayang'ana zithunzi za masamba a kachewere n'kuzindikira chiwawu. Amene anakayamba anapeza ntchito ku Maputo, makiyi a GitHub n'kundipatsa ine. Laisensi yake ndi GPL (yolola aliyense kuona, kusintha ndi kugawa code), koma gawo lolemera analilemba mu CUDA, ndiye apa m'pamene pagona nkhani.

CUDA ndi njira ya kampani ya NVIDIA yolembera code yoyenda pa GPU, khadi la zithunzi lowerengera mwachangu. Kutsitsa n'kwaulere, inde, koma nvcc (chomangira code ya CUDA) ndi cuDNN (library ya NVIDIA yothamangitsa ma model) m'kati mwake sitionamo, ndipo mafayilo amene tingagawire ena ndi okhawo otchulidwa mu EULA, mgwirizano wa laisensi ya NVIDIA. Ndinafuna kuti package yathu ilowe mu Debian, mtundu wina wa Linux. Nditawerenga malamulo awo ndinapeza kuti ku main, gawo la zotseguka zokhazokha, singalowe, malo ake ndi contrib, gawo la zotseguka zodalira zotsekeka, poti nvidia-cuda-toolkit imakhala ku non-free, gawo la zotsekeka. Ku PyPI, nkhokwe ya ma package a Python, nakonso fayilo imodzi siyenera kupitirira 100 MB pokhapokha utapempha, ndiye kumanga ma library a CUDA m'kati mwa wheel (fayilo yogawira package) n'kovuta.

Chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi kuyesa. Makina aulere a GitHub Actions, oyesa code pawokha, alibe GPU: amangoona kuti code yamangika, zoti ikuwerengera molondola sadziwa. Mayeso enieni amachitikira pa GTX 1060 yanga, GPU ya NVIDIA ya m'badwo wa Pascal. Tsopano CUDA 13 ya 2025 simanganso code ya makhadi a mibadwo yakale ya Maxwell, Pascal ndi Volta. Ine ndakakamira pa 12, amene ali ndi makhadi atsopano apita pa 13, ndipo akatsegula issue (kunena za vuto) ndimangoyankha mongoganizira. Kutsitsa toolkit kumadya ma giga angapo a data, magetsi akathima pakati n'kuyambiranso.

Koma tinene zoona, amene amakagwiritsa ntchito kuno, alangizi a zaulimi ndi ophunzira a ku Tsangano ndi Ulongwe, ali ndi malaputopu wamba opanda NVIDIA. GPU ikufunidwa ndi anthu ochepa akunja amene amaphunzitsa model. Maganizo anga ndi akuti package yaikulu iziyenda pa CPU yokha, CUDA ikhale yowonjezera, wofuna azikoka yekha ma wheel monga nvidia-cublas-cu12 momwe PyTorch, package yotchuka yophunzitsira ma model, imachitira.

Akuluakulu amene munadutsamo, ndithandizeni. Kodi kusamala magawo awiri sikudzandithyola msana ndili ndekha? Kapena ndilembenso ma kernel (code yoyenda pa GPU) mu OpenCL, njira yosadalira kampani imodzi, kuti aziyenda pa khadi lililonse? Ena amati chida cha AMD chotchedwa hipify chimasandutsa CUDA kukhala HIP, yoyenda pa makhadi a AMD, koma khadi la AMD loyesera ndilibe. Chinanso ndi GPL: kulumikiza code yathu ndi cuDNN kukufunika chilolezo cholembedwa mu laisensi? Ngati n'choncho ndiye kuti ndisake aliyense amene anaikapo mzere kuti avomere?

Zowonjezera: achimwene amene mwati ndingogula khadi latsopano, zikomo, koma meticais ake ndi matumba ambiri a kachewere. Achemwali amene mwatchula T4, GPU ya pa Colab ya Google, ndayesa dzulo, mayeso ayenda bwino. Vuto ndi loti ndiyenera kuwayendetsa pamanja nthawi iliyonse wina akatumiza pull request (pempho losintha code). Alipo amene angalole kuti khadi lake likhale self-hosted runner (makina a munthu oyendetsa mayeso a GitHub), ngakhale kamodzi pa sabata?