Mwana wa zaka zitatu ndi homuweki tsiku lililonse, ndimuchotse pa nazale imeneyi?

Moni nonse. Amayi anzanga, azibambo ndi aphunzitsi amene muli muno, ndigawireni nzeru chonde.

Ndimakhala ku Chawama, mu Lusaka, ndipo ndimagulitsa tomato ndi anyezi ku Soweto Market. Ndimachoka panyumba kusanache, chifukwa magalimoto a alimi amafika m'mamawa ndipo ukachedwa umapeza katundu wabwino watha. Mwana wathu wamkazi ali ndi zaka zitatu. Ali mu baby class pa nazale ina ya munthu pafupi ndi kwathu. Bambo ake ndi amene amakamusiya popita kuntchito, ine ndimamutenga pobwera. Tinaisankha chifukwa amasunga ana mpaka 5 koloko madzulo.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Tsiku lililonse amabwera ndi kope, akuti alembe chilembo chimodzi tsamba lonse mpaka pansi. Pensulo amachita kuifumbata ndi dzanja lonse, akalemba mizere iwiri amati zala zikuwawa n'kuyamba kulira. Magetsi akazima ndimamuunikira ndi tochi ya foni, iye akuwodzera. Sabata yatha pomusambitsa anandiuza kuti aticha amawamenya ndi rula pazala akalankhula Chinyanja m'kalasi. Wayambiranso kukodza pogona, chinthu chimene anasiya kalekale. Bambo ake akuti m'mawa akangoona yunifolomu amathawira kuseri kwa chitseko.

Pa sukulu ya boma ya kufupi pali kalasi ya ana aang'ono yosalipira, koma amaweruka masana ndipo ana ndi ambiri. Masanawo akhala ndi ndani? Kumsika sindingapite naye, ndi matope aja ndi mawilibala ongodutsana. Ndimuchotse kapena ndi mmene nazale zonse zimakhalira?

Mphunzitsi wa ana aang'ono, ku Matero: Amake mwana, pepani kwambiri. Ntchito imeneyo si ya msinkhu wake. Pa zaka zitatu tizala timakhala tisanakhwime. Timalimba ndi kuumba dothi, kung'amba mapepala, kutunga mikanda paulusi, kujambula ndi chala pamchenga. Kuwerenga manambala amayambira pa zitsekerero za mabotolo ndi timiyala, chilankhulo amachitola m'nyimbo ndi m'nthano. Nazale zambiri zimapereka makope odzaza chifukwa ife makolo timafuna kuona ndi maso kumene ndalama yathu ikupita, ndipo mwana akabwera ndi dothi m'zikhadabo timati sanaphunzire kanthu. Ndondomeko yatsopano ya maphunziro imene inayamba kugwira ntchito mu 2025 imati mwana alowe giredi 1 ali ndi zaka 6. Wanuyo nthawi akadali nayo yambiri. Kumukakamiza panopa kuli ngati kuyika mtolo wa nkhuni pamutu pa khanda.

Bambo wa ana awiri, ku Kabwata: Aphunzitsi, ine ndikusiyana nanu pang'ono. Mayeso a m'dziko muno amalembedwa m'Chingerezi, ndipo anga anayamba msanga, lero sakuvutika. Amayi musathamangire kumuchotsa chifukwa cha homuweki yokha. Kambiranani ndi mwini sukulu kuti achepetse. Koma za rulazo ayi, zimenezo sindingazivomereze.

Mphunzitsi wa ana aang'ono, ku Matero: Abambo, Chingerezi aphunzire ndithu, sindikukana. Koma mwana amene akuopa kutsegula pakamwa salankhula chilankhulo chilichonse. Amangokhala chete.

Mayi wina, ku Chilenje: Achemwali, nkhani ya kumenya musaitenge mopepuka. Lamulo la Children's Code Act la 2022 limaletsa kulanga mwana pomumenya. Mukapita, pemphani kuona satifiketi yosonyeza kuti sukuluyo inalembetsedwa ku Unduna wa Maphunziro, mufunsenso ngati aphunzitsiwo analembetsa ku bungwe loyang'anira aphunzitsi la Teaching Council of Zambia. Wochita zinthu moyenera sakwiya ndi mafunso amenewa. Akakuyankhani mwachipongwe, pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Ndipo kumbukirani kuti m'kalasimo si mwana wanu yekha amene akulandira rulayo.

Namwino, ku Mtendere: Kukodza pogona kumabwera ndi mantha, inde, koma nthawi zina ndi matenda a njira ya mkodzo, makamaka kwa ana aakazi amene amasunga mkodzo tsiku lonse chifukwa choopa kupempha kapena chifukwa chimbudzi ndi chauve. Pitani naye kukiliniki, mutenge kadi yake ya sikelo. Musamukalipire akanyowetsa zofunda. Ndiponso kulikonse kumene mungamupititse, fikani osanena tsiku, cha m'ma 10 koloko m'mawa. Lowani m'chimbudzi. Onani ngati pali madzi ndi sopo pamene dzanja la mwana lingafike, madzi akumwa amawasunga mu chiyani, ndipo ana akagona masana amagona pa chiyani. Tisaiwale kolera ya kumayambiriro kwa 2024, pamene odwala ankagonekedwa ku National Heroes Stadium ndipo masukulu sanatsegulidwe mpaka mu February.

Agogo, ku Kanyama: Mwanangu, ine mdzukulu wanga ali ku yaboma. Chiyambire maphunziro aulere mu 2022 makalasi ndi odzaza, sindikunamiza, koma amabwera akuimba ndipo amadya nsima yake bwinobwino. Za masana, ife pamalo pathu tinagwirizana amayi anayi. Mmodzi amene amakhala pakhomo amakatenga ana onse, enafe timamupatsa kangachepe pamwezi ndi ufa. Funsani anansi anu, simungakhale nokha amene muli ndi vuto limeneli.

Wofunsa: Zikomo nonse, mwanditsegula mutu. Mawa ndasiya benchi kwa mnzanga, ndiyamba ndi kukiliniki kenako ndikaonane ndi mwini nazale pamodzi ndi bambo ake. Kope lija usiku uno sitilemba. Agogo, pali mayi wina woyandikana nafe amene mwana wake ali ku yabomako, ndilankhula naye madzulo ano. Funso langa lotsala: ndalama ya teremu ino tinalipira kale yonse. Alipo amene anachotsapo mwana pakati pa teremu n'kubwezeredwa kanthu? Nanga ku yaboma amalandira mwana pakati pa chaka, kapena tidikire January?