Vesiti ya kamofulaji yosakira coyote ndi nkhandwe: ndiyang'ane chiyani ndisanagule?

Mlenje_Watsopano

Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndikufuna vesiti ya kamofulaji yonyamulira zida posaka zilombo zodya nyama, makamaka coyote (galu wam'tchire wa ku North America) ndi nkhandwe, mwa apo ndi apo bobcat (mphaka wam'tchire wa komweko). Kusaka kwake ndi kuja kokhala pansi n'kumaziyitana. Katundu woti alowemo ndi sipika yoyitanira ndi rimoti yake, mawenzulo apakamwa atatu, magazini awiri a zipolopolo za .223, kachipangizo koyezera mtunda, tochi, mabatire ndi ndodo zotsamiritsira mfuti. Malo ake ndi a udzu wouma ndi tchire lalifupi, ndipo m'nyengo yozizira kumagwa chipale chofewa. Kodi kamofulaji yabwino ndi iti? Nanga ndigule vesiti ya khushoni ndi chotsamira kumbuyo, kapena ya chisilikali ija ya MOLLE, ya malamba omangirirapo matumba?

Chiwinda

Achimwene, za mtundu wa kamofulaji zibwere pomaliza. Choyamba ndi phokoso. Coyote amamva kulira kwa mbewa ali patali, ndiye vesiti yomwe imati khwaa khwaa mukangosuntha mkono yakugulitsani kale musanamuone.

Vesiti zambiri za chisilikali amazisoka ndi nayiloni ya Cordura. Nsaluyi ndi yolimba zedi, koma ndi youma, ndipo kukazizira imaumiratu ngati chikopa chosafufuta. Ikakhudzana ndi nthambi kapena ndi mkono wa jekete imalira. Fufuzani nsalu ya ubweya pang'ono pamwamba, monga brushed tricot kapena fleece yopyapyala. Musanagule, ikandeni ndi chikhadabo, kenako pekesani mbali ziwiri za nsaluyo pafupi ndi khutu. Ngati mukuimva bwinobwino m'chipinda momwe muli anthu akulankhula, kutchire m'mawa kuli zii idzamveka kuposa pamenepo.

Kenako onani zotsekera matumba. Velcro, zomata zija zolira pomatula, ayi ndithu pa thumba lililonse lomwe mudzatsegule mutakhala kale pansi. Maginito ndi abwino, zingwe zotanuka ndi zabwino. Zipi ikhale ya pulasitiki, ya mano ang'onoang'ono, ndipo tizitsulo tokokera muchotse, mumangepo kachingwe ka paracord, chifukwa tizitsuloti timalira ngwee ngwee poyenda. Chenjezo limodzi pa maginito: musasunge kampasi pafupi nawo, muvi wake umasokera.

Nachisale_88

Kuwonjezera pa zomwe anena a Chiwinda, mawenzulo atatu pa chingwe chimodzi cha m'khosi amagundana okhaokha. Vesiti yabwino imakhala ndi timipata ta lamba wotanuka, kamodzi pa wenzulo aliyense. Ndipo wenzulo wotseka, amene kalilime kake kali mkati, amaundana ndi mpweya wa mkamwa kukazizira kwambiri, kulira kwake n'kuthera pomwepo. Ameneyo muzimuika m'thumba lamkati pafupi ndi thupi. Wa kalilime koonekera kunja savuta kwenikweni, mumangopukuta ndi chala.

Gogo_Mkwezalamba

Mwana wanga, ine ndikufuna tikambe za phewa, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa ndipo amazindikira chilombo chitathawa kale.

Vesiti muiyese mutakhala pansi, osati mutaimirira pagalasi. Valani zovala zonse za m'nyengo yozizira, valani vesitiyo pamwamba, dzazani matumba ndi katundu weniweni, khalani pansi mawondo ali m'mwamba, ndipo kwezani mfuti yopanda chipolopolo kakhumi. Mukatero muona zinthu zitatu.

Choyamba, pamene thako la mfuti limakhala pasapezeke chomangira cha pulasitiki, mphete yachitsulo kapena kathumba. Thako likatera pa chomangira limaterereka, ndipo diso lanu silipeza chithunzi chonse mu sikopu, galasi loyang'anira lija la pamwamba pa mfuti. Chachiwiri, lamba wa paphewa akakhala wonenepa kwambiri amakankhira mfuti kutsogolo, masentimita awiri kapena atatu, kuphatikiza jekete. Pamenepo mumayamba kutambasula khosi kufunafuna sikopu, ndipo kusuntha kumeneko ndi komwe coyote amaona. Ngati thako la mfuti yanu limasinthika utali, lifupikitseni m'nyengo yozizira. Chachitatu, matumba a m'munsi. Mukaimirira amaoneka bwino, koma mukakhala ntchafu zimawakankhira m'mwamba, vesiti yonse imakwera mpaka kukhosi, ndipo zivindikiro za matumba zimapanikizika moti simungatulutse kanthu. Vesiti yabwino yokhalira pansi ndi yaifupi kutsogolo, kapena matumba ake amapendekera m'mbali mwa nthiti.

Ndipo ngati mumawombera ndi dzanja lamanja, rimoti ndi mawenzulo zikhale kumene dzanja lamanzere lifika popanda kudutsa pachifuwa. Dzanja lamanja lisachoke pa mfuti.

Mlenje_Watsopano

Zikomo agogo, za phewazi sindinaziganizire. Nanga chotsamira kumbuyo chija n'chofunikadi, kapena n'kungowonjezera katundu?

Gogo_Mkwezalamba

Zimatengera malo anu, ndipo mwanena kuti ndi a udzu ndi tchire lalifupi. Kumeneko mitengo yotsamira ndi yosowa, choncho n'chofunika. Pa coyote mumakhala malo amodzi mphindi 15 mpaka 30, pa bobcat 45 mpaka ola lathunthu, chifukwa iye amabwera mozemba, akuima ima. Munthu wopanda chotsamira, pofika mphindi 10 msana wayamba kuwawa, miyendo yachita dzanzi, ndiye amayamba kusunthasuntha nthawi yomwe chilombo chili pafupi kutulukira. Vesiti zokhala ndi miyendo iwiri yotambasula kumbuyo, monga Enforcer ya ALPS OutdoorZ, anazipangira zimenezi. Vesiti zosakira turkey (nkhukundembo) nazonso zimagwira ntchito, kungoti timatumba take tambiri tinasokedwera mawenzulo a turkey, ndipo mtundu wake kawirikawiri umakhala wobiriwira kwambiri.

Khushoni ikhale yokhuthala masentimita 5 mpaka 8, ya siponji yosamwa madzi, pansi pake pakhale nsalu yosalowa madzi. Siponji wamba imamwa mame ndi chipale chosungunuka, ndipo pofika malo achitatu mwakhala pa chinthu chonyowa chozizira. Onaninso momwe khushoniyo imamangidwira kumbuyo poyenda. Ikamalendewera n'kumakumenyani m'matako pa phazi lililonse, phokoso lake ndi lalikulu.

KondwaniWaMfuti

Agogo ndikuvomereza zambiri, koma pa chotsamira ndisiyana nanu pang'ono. Chimamukhomerera munthu kuyang'ana mbali imodzi. Coyote sabwera molunjika nthawi zonse. Amakonda kuzungulira kuti afike kumene mphepo ikupita, anunkhize kaye chomwe chikulira. Akatulukira kudzanja lamanja kwa munthu wowombera ndi dzanja lamanja, muyenera kutembenuka thupi lonse, ndipo miyendo ya chotsamirayo imakodwa mu udzu kapena kuzama m'chipale. Komanso vesiti zoterezi zimalemera makilogalamu angapo zisanalowe kanthu. Wosaka amene amasintha malo kasanu ndi kawiri pa tsiku amamva kulemerako.

Njira ina ndi kavesiti kopepuka ka pachifuwa, kachikwama kakang'ono kumsana ka sipika, ndi kampando kafupi kapadera. MOLLE nayo musaitaye msanga. Malamba ake ndi a mulingo umodzi, otambalala mamilimita 25, osokedwa pa mamilimita 38 alionse, ndiye thumba la kampani iliyonse limakwanapo, ndipo mutha kulichotsa paphewa n'kuliika pomwe mukufuna. Vuto lake ndi nsalu ija anena a Chiwinda, komanso chiyeso chofuna kudzaza mpata uliwonse. Mukamanga thumba la MOLLE muziluka lamba wake molowetsa uku ndi uku mzere uliwonse. Mukadumpha mizere thumbalo limagwedera.

Gogo_Mkwezalamba

Za kutembenuka mwanena zoona, a Kondwani. Mankhwala ake ndi kakhalidwe. Wowombera ndi dzanja lamanja akhale phewa lamanzere litaloza kumene akuyembekezera chilombo, chifukwa mfuti imayenda mosavuta kupita kumanzere kusiyana ndi kumanja. Mphepo izidutsa chopingasa, sipika ikhale mamita 30 mpaka 50 kumtunda kwa mphepo, ndipo inu muziona bwino mbali yomwe fungo likupita. Mukakhala chotero kutembenuka kwakukulu kumachepa. Koma kwa munthu woyenda mitunda italiitali, ndavomera, chopepuka chimaposa.

Nachisale_88

Tsopano pa kamofulaji, poti mwafunsa. Coyote ndi nkhandwe ndi a banja la agalu, ndipo maso awo amasiyanitsa bwino buluu ndi chikasu, koma chofiira ndi chobiriwira samazisiyanitsa monga ife. Chomwe amaona msanga ndi kusuntha, kunyezimira, ndi chinthu chakuda bii chomwe chakhala pakati pa udzu wotuwa.

Apa ndi pamene kamofulaji ya m'nkhalango imalephera. Ija ya masamba ndi makungwa ojambulidwa bwino imakongola m'manja, koma pa mamita 100 tizithunzi tonse timaphatikizana n'kukhala chibulumwa chimodzi chakuda. Pa udzu wouma sankhani yotuwa, ya khaki ndi imvi, ya mabala akuluakulu otalikirana, monga Mossy Oak Brush, Realtree Max-1 kapena King's Desert Shadow. Mukakayika pakati pa ziwiri, tengani yowala pang'ono. Kuyesa kwake n'kosavuta: ikani vesitiyo pa udzu, bwererani mapazi 50, ijambuleni ndi foni, chithunzicho muchisinthe chikhale chakuda ndi choyera. Ikaoneka ngati dzenje lakuda, siyoyenera malowo.

Sikofunika kuti vesiti ifanane ndi buluku ndi jekete. Kusiyana pang'ono kumathandiza kudula thupi kuti lisaoneke ngati munthu. Chomwe muyenera kuphimba ndi nkhope ndi manja, chifukwa ndizo zimasuntha kwambiri. Malamba akuda a vesiti nawo amajambula mizere yowongoka pachifuwa, ndiye sankhani a khaki.

Pa chipale chofewa musagule vesiti yachiwiri. Gulani chovala choyera chopyapyala, chachikulu kuposa saizi yanu, chovala pamwamba pa zonse, chotseguka kutsogolo kuti mufike m'matumba. Ngati chipale chili cha apo ndi apo, buluku loyera ndi vesiti yotuwa pamwamba zimakwana, makamaka mukatsamira chitsamba.

Kuchapa: sopo wambiri wochapira zovala amakhala ndi mankhwala owalitsa nsalu, amene amaipatsa kuwala kwa buluu, komanso amakhala ndi fungo lonunkhira. Gwiritsani sopo wopanda zonsezi, kapena soda, muyanike pamthunzi kuti mtundu usafufuke. Koma musanamizidwe kuti pali vesiti yobisa fungo kwa coyote. Mphepo ikamufikitsira fungo lanu, wapita.

Chiwinda

Za kagawidwe ka katundu wanu uja. Sipika ilowe m'thumba lalikulu lakumsana, ndipo muiyeze ndi tepi musanagule vesiti, chifukwa masipika akuluakulu a FOXPRO kapena Lucky Duck salowa m'thumba lililonse. Ikhale pafupi ndi msana ndipo imangike, isamagubuduke. Ndodo zotsamiritsira mfuti zikhale m'mbali, zomangidwa pawiri, kumwamba ndi kumunsi. Rimoti ndi kachipangizo koyezera mtunda zikhale ndi kachingwe kake, chifukwa zimenezi ndizo zimatsala mu udzu munthu akadzuka mothamanga. Galasi la rimoti limawala m'bandakucha, choncho thumba lake likhale lakuya, kapena muchepetse kuwalako.

Magazini awiri ndi okwanira, ndipo akhale mbali ina, tochi ndi madzi mbali inayo, kuti vesiti isapendekere phewa limodzi. Zipolopolo zomwazika m'thumba zimalira, ziikeni m'timipata ta lamba. Mabatire a alkaline amafooka msanga kukazizira, a lithium amapirira. Osungira akhale m'kabokosi ka pulasitiki m'thumba lamkati, makamaka a lithium ochajika aja a 18650, chifukwa akakhudzana ndi makiyi kapena chipolopolo amatha kutentha koopsa. Kabotolo ka ufa woonera mphepo kakhale pamalo ofikirika ndi dzanja limodzi. Zonse pamodzi yesetsani zisapitirire makilogalamu 5 kapena 6, ndipo pakhale lamba wa m'chiuno wonyamula kulemerako, osati mapewa okha.

Ngati mumavala binoculars pachifuwa, yesani zonse ziwiri pamodzi. Malamba awiri opingasana paphewa amabweretsa vuto lija la thako la mfuti.

Mai_a_Tadala

Zinthu ziwiri zokha zomwe sizinatchulidwe. Thumba lakumsana musaikemo chilombo chomwe mwapha. Coyote ndi nkhandwe amakhala ndi utitiri, nkhupakupa, mphere, ndiponso njoka zam'mimba za Echinococcus zomwe mazira ake amamatirira ku ubweya ndipo amadwalitsa anthu. Sungani m'vesiti magolovesi otaya mukagwiritsa ntchito, thumba lalikulu la pulasitiki, ndi chingwe chokokera cha mita imodzi ndi theka chokhala ndi kamtengo kogwirira.

Chinacho ndi chitetezo chanu. Mwabisala, mukulira ngati kalulu kapena ngati coyote, ndipo mwina pafupi pali mlenje wina. M'madera ambiri a ku United States ndi Canada lamulo limafuna chovala cha olenji wowala m'nyengo yosaka agwape ndi mfuti, ndipo kukula kwa nsaluyo komanso amene lamuloli likuwakhudza zimasiyana dera ndi dera. Werengani malamulo a chaka chino a kumene mukusaka, pamodzi ndi a masipika, tochi ndi kusaka usiku. Ngakhale kumene sikukakamizidwa, sungani kansalu ka olenji kophimba kumsana poyenda, makamaka pokoka nyama. Thumba limodzi lipatulidwe la tourniquet (lamba womangira mkono kapena mwendo poletsa magazi kutuluka) ndi bandeji, lofikirika ndi dzanja lililonse.

Mlenje_Watsopano

Zikomo kwambiri nonse. Malo anga sindiyenda mitunda italiitali kuchoka pa galimoto, ndiye nditsata ya chotsamira, yotuwa, ndi chovala choyera chapamwamba. Funso lotsala: ndikapeza yondikwana bwino koma matumba awiri ali ndi Velcro, ndiisiye?

Chiwinda

Musaisiye chifukwa cha zimenezo zokha. Dulani kachidutswa ka Velcro ya mbali yofewa, muphimbe nako mbali yokanda, thumbalo lisiya kumata. Kenako sokerani batani lalikulu ndi kachingwe kotanuka, kapena maginito awiri mkati mwa nsalu. Ulusi ukhale wa nayiloni, wa thonje umaola ndi chinyezi. Ngati thumbalo ndi la zinthu zomwe mumatulutsa muli ku galimoto, monga chingwe chokokera, lisiyeni momwe lilili.