Fayilo yanenepa nditaika -g, chalowamo ndi chani?

usipa_wa_senga:
Akuluakulu ndithandizeni. Ndikulemba kapulogalamu ka C kowerengera ndalama za usipa umene amalume amapikula ku Senga Bay, ndiye kamangofa ndi segmentation fault (kakagwira memory pomwe sikayenera), gdb, chida chofufuzira zolakwika mu pulogalamu, imangondipatsa dzina la function ndi manambala a 0x basi. Wina anati ndiike -g pa gcc, zoonadi pano ikuloza mzere weniweni koma fayilo yanenepa heavy. Chalowamo ndi chani? Sikayamba kukwawa pa laputopu ya amalume yokalamba ija?

mkulu_wa_linux:
Mphwanga usade nkhawa, liwiro silisintha. gcc ikamasandutsa code yako kukhala malangizo a makina, mayina a ma variable ndi manambala a mizere amatayika, purosesa sawafuna. Ukaika -g imalemba zonsezo pambali mu fomati ya DWARF n'kuziika mu fayilo yomweyo ya ELF (mtundu wa fayilo za mapulogalamu pa Linux). Mu chigawo cha .debug_info muli ma function, ma variable, mtundu wake ndi pomwe akukhala, kaya pa stack kaya mu register, pomwe .debug_line ndi imene imati address iyi yachokera pa mzere wakuti. Chimandisangalatsa n'chakuti .debug_line si tebulo wamba ayi, ndi timalangizo tothinikizidwa timene gdb imayendetsa kuti ipange tebulolo, apo bii bwenzi fayilo itakula kuposa pamenepa. Pulogalamu ikamayenda zigawo zimenezi sizilowa n'komwe mu RAM, zimangogona pa disk. Lemba readelf -S uone wekha mndandanda wa zigawozi.

chia_lagoon:
Kuwonjezera pa zomwe anena akuluwa, samalani ndi -O2, yowuza gcc kuti isinthe code ikhale yachangu. Ine ndinataya usiku wonse kuno ku Nkhotakota, magetsi atathimanso ndili pa batire, print iliyonse ikungoti optimized out kkkk. Compiler inali itachotsa variable ija ndiye DWARF ikanaloza pati? Mizere nayo imadumphadumpha ngati chule. Pofufuza vuto ikani -O0 kapena -Og kuti code isasinthidwe kwambiri.

usipa_wa_senga:
Nanga potumiza kwa amalume pa WhatsApp? Bandulo yake sikuchita kutola.

mkulu_wa_linux:
objcopy --only-keep-debug ikupatsa fayilo ya debug payokha, usunge imeneyo, kenako strip inayo (kuchotsamo za debug) n'kutumiza yowondayo. Ukaphatikiza --add-gnu-debuglink pa objcopy gdb izidziwa kokaipeza. Koma usadzakompaile kachiwiri n'kumaganiza kuti fayilo ya debug yakale ija igwirabe ntchito, ukasintha code ma address amasuntha. A Microsoft ndi momwe amachitira kale, Visual Studio imaika zonse mu .pdb, a Apple mu dSYM. Kodi amalumewo ali pa Linux kapena Windows? ELF siyenda pa Windows tu.

usipa_wa_senga:
Ndinawaikira Ubuntu chaka chatha, amadandaulabe mpaka lero. Vuto ndalipeza, mzere 47, fopen, function yotsegula fayilo, imabweza NULL chifukwa fayilo ya mitengo ndinaisiya pa flash ndipo flash yo ili m'thumba la buluku lomwe lili pa chingwe panja.