Lipoti la CRB: kulitenga kwaulere ndi kukonzetsa zolakwika

Wa ku Chawama

Abale, tithandizane apa. Munthu akakanizidwa ngongole ku banki amangouzidwa kuti "muli pa CRB" (Credit Reference Bureau, bungwe losunga mbiri ya ngongole za anthu), nkhani n'kuthera pomwepo. Kodi n'zoona kuti lipoti la kumeneko munthu angalitenge osalipira? Amalitenga kuti, ndipo amanyamula chiyani? Nanga akapezamo ngongole yomwe anamaliza kale kubweza, kapena yomwe sanatengeko n'komwe, amayambira ku banki kapena ku CRB? Palinso anyamata ena pa Facebook amene akuti amachotsa dzina pa CRB ukawapatsa kangachepe. Zimenezi zimathekadi?

Wa ku Kabwata

Akulu, choyamba dziwani kuti kukhala pa CRB si mlandu. Aliyense amene anakongolapo ku banki, ku kampani ya microfinance kapena kwa wobwereketsa wina wa chiphaso cha Bank of Zambia, dzina lake lilipo, ngakhale amene amabweza bwino mwezi ndi mwezi. Chimene chimakanizitsa munthu ngongole ndi zimene zalembedwa pansi pa dzinalo.

Nkhokwe ya mbiri imeneyi kuno kwathu ili m'manja mwa TransUnion, yomwe ambiri timangoitchula kuti CRB. Ntchito yake imayendera lamulo la Credit Reporting Act la 2018, ndipo amaiyang'anira ndi a Bank of Zambia. Muli ndi ufulu wolandira lipoti lanu kwaulere kamodzi pachaka. Mukalifuna kangapo, yembekezerani kulipira. Nyamulani NRC (chitupa chanu cha dziko) yeniyeni ndi fotokope yake, mudzaze fomu, ndipo nenani poyera kuti mukufuna laulere la pachaka. Adiresi ndi manambala a foni muzitenge pa webusaiti yawo yeniyeni, osati kwa munthu wa pa WhatsApp. Musamutume wina, chifukwa lipotilo ndi chinsinsi cha mwini wake.

Mukalilandira musathamangire kuyang'ana score, nambala yoonetsa mmene mumabwezera ngongole. Yambani ndi tsamba la dzina. Nambala ya NRC ili ndi magawo atatu: manambala 6, kenako 2, kenako 1. Kalaliki akasinthanitsa manambala awiri okha polemba, ngongole ya munthu wina imagwera pa inu, ndipo muno mu Lusaka a Phiri, a Banda ndi a Tembo a dzina limodzi ndi osawerengeka. Onaninso tsiku lobadwa, malo antchito ndi manambala a foni. Nambala ya foni yomwe simunaigwiritsepo ntchito ndi chizindikiro choipa. Amayi amene anasintha dzina atakwatiwa aonetsetse kuti maina onse awiri akuloza NRC imodzi.

Kenako tengani ngongole imodziimodzi. Pa iliyonse onani dzina la wobwereketsa, tsiku lotsegulira, ndalama zomwe munatenga, zotsala, masiku amene akuti munachedwa, ndiponso ngati yalembedwa kuti yatsekedwa kapena ikadali yotsegula. Pomwe palembedwa written off musasangalale ngati kuti anakukhululukirani. Zimatanthauza kuti wobwereketsa anaichotsa m'mabuku ake ngati ndalama yotayika, koma ngongoleyo ikadali yanu, ndipo kwa banki yotsatira mawu amenewo ndi oipa kuposa kuchedwa wamba. Kumapeto kuli mndandanda wa amene anafufuza dzina lanu. Mukaonapo kampani yomwe simunapemphekoko ngongole, funsani chifukwa chake.

Wa ku Matero

Zimene anena akuluwa n'zoona, koma kwa anthu a pa ntchito cholakwika chofala si cha NRC. Ndi cha ngongole zodula pa malipiro. Payslip imaonetsa kuti ndalama yadulidwa, kaya kudzera ku PMEC (dongosolo la malipiro a boma) kwa a m'boma kapena ku ofesi ya malipiro ya kampani, koma wolemba ntchito akachedwa kutumiza ndalamazo, kompyuta ya wobwereketsa imangowerenga masiku: 30, 60, 90. Siidziwa kuti inu munadulidwa kale. Mankhwala ake ndi mapepala: payslip ya mwezi uliwonse umene akuti simunalipire, sitetimenti ya ngongoleyo, ndi kalata ya ku ofesi ya malipiro yotsimikiza kuti ndalamazo zinadulidwa. Muziike pamodzi mwezi ndi mwezi, kuti aliyense aone kuti vuto silinali m'thumba mwanu. N'chifukwa chake payslip satayira m'dirowa ya ku ofesi. Muzisunga mpaka ngongole itatha, n'kupitirirapo.

China ndi top-up (kukongola zina pamwamba pa ngongole yomwe muli nayo kale), kapena kampani ina ikagula ngongole yanu. Yatsopano imatsegulidwa, yakale n'kuiwalika osatsekedwa, ndiye lipoti limaonetsa ngongole ziwiri pomwe ilipo imodzi. Banki ikawerengera kuti malipiro anu angasenze zingati, imapeza kuti mwadzaza kale.

Palinso tindalama totsalira. Tiyerekeze kuti mwafunsa zotsala Lolemba, akuuzani K4,200, inu n'kukalipira Lachisanu. Masiku amenewo chiwongoladzanja chinali kuyendabe, ndiye patsala mwina K30 yomwe palibe wakuuzani. Imeneyo imakhala pamenepo miyezi, zilango n'kumaunjikana. Pomaliza ngongole muzipempha chiwerengero cha tsiku lomwe mukulipiralo, mulipire tsiku lomwelo, ndipo musachoke osapempha kalata yotsimikiza kuti mwamaliza. Chimodzimodzi akaunti ya ku banki yomwe munangoisiya: ndalama zolipirira akaunti zimadulidwabe mpaka imalowa pansi pa ziro, n'kusanduka ngongole. Akaunti yosafunika amaitseka ndi kalata.

Ndipo amene munasainira mnzanu ngati woyimira ngongole, musadabwe kuiona pa lipoti lanu. Chimenecho si cholakwika ayi.

Wa ku Chilenje

Pa funso loti muyambire kuti: konse kuwiri, tsiku limodzi ngati n'kotheka, koma mphamvu zanu muike kwa wobwereketsa. A CRB sapeka okha manambala, amasunga zimene atumiziridwa. Mukadandaula amakafunsa kwa amene anatumiza, ndipo iyeyo akabwereza zomwezo, zinthu sizisuntha mpaka mutaonetsa umboni.

Lembani kalata yaifupi. Muikemo dzina, NRC, nambala ya akaunti ya ngongoleyo monga ilili pa lipoti, chimene chalakwika ndi chimene chiyenera kulembedwa. Musangoti "zonsezi n'zabodza". Nenani kuti mzere wakuti ukuonetsa zotsala zakuti, pomwe risiti ya tsiku lakuti ikuonetsa kuti zinalipidwa. Phatikizani mafotokope okhaokha, mapepala enieni akhale kunyumba. Kalatayo ikhale makope awiri, imodzi aidinde ndi kulembapo tsiku n'kukubwezerani. Kudandaula pakamwa pa kauntala kulibe phindu, mawa mukapeza munthu wina amene sakukudziwani. Ku TransUnion dzazani fomu ya dandaulo, mupereke umboni womwewo, mutenge nambala ya dandaulo lanu.

Akavomera kukonza, musathamangire kukapempha ngongole m'mawa mwake. Obwereketsa ambiri amatumiza mbiri kamodzi pamwezi, choncho apempheni atumize kukonzako mwapadera, kenako mutengenso lipoti muone ndi maso anu. Zimachitika kuti akonza ku CRB koma m'kompyuta yawo asiya zakale, mwezi wotsatira cholakwikacho n'kubwereranso. Akamakuzengerezani, tengani kalata yodindidwa ija ndi mayankho awo mupite nazo ku Bank of Zambia pa Cairo Road. Kumeneko adzafuna kuona kaye kuti munayamba mwadandaula kwa wobwereketsa.

Ngongole yomwe simunatengeko ndi nkhani ina. Pitani ku polisi mukatenge lipoti, ndipo mupemphe wobwereketsa akuonetseni fomu yomwe inasainidwa ndi nambala ya foni kapena akaunti yomwe ndalamazo zinalowa. Zambiri zotere ndi ngongole za pa foni: munthu analembetsa SIM ndi NRC yanu, kapena munabwereka wachibale foni n'kukongola K200 osakuuzani. Funsani ku MTN, Airtel ndi Zamtel manambala onse amene ali pa NRC yanu, mutseketse osawadziwa.

Za anyamata a pa Facebook aja, asiyeni. Alibe njira yolowera m'nkhokwemo, ndipo mukawatumizira chithunzi cha NRC mwawapatsa chida chokongolera m'dzina lanu. Ngongole yoona siichotsedwa ndi munthu. Mukailipira imasintha n'kulembedwa kuti yalipidwa, koma mbiri yoti munachedwa imaonekabe kwa nthawi yomwe lamulo limalola.

Wa ku Chawama

Zikomo kwambiri nonse, ndamva. Nanga za kaloba (ngongole za wobwereketsa wamba wa mu komboni) ndi chilimba (kusonkherana ndalama mosinthana), nazonso zimafika kumeneko?

Wa ku Kabwata

Ayi, akulu. Wa kaloba wa mu komboni, gulu la chilimba kapena village banking ya pakati pa anzanu satumiza kanthu ku CRB, ndiye wa kaloba akamakuopsezani kuti akulembetsani, akungokuwopsani. Kuipa kwake n'kwakuti ngakhale mubweze mokhulupirika zaka zambiri, mbiri yabwinoyo siikuthandizani ku banki. Kusiyana kumabwera gululo likakongola ku microfinance inu n'kusaina nawo. Pamenepo dzina lanu lalowa.

Ndionjezere chimodzi kwa amene ali ndi ngongole zakale kwambiri. Kwacha inasinthidwa pa 1 Januwale 2013, maziro atatu n'kuchotsedwa, moti K5,000,000 yakale ndi K5,000 ya lero. Ngati pa lipoti pakuoneka ngongole ya nthawi imeneyo isanafike, ya mamiliyoni omwe simunawagwirepo, yambani mwawerenga maziro musanalembe kalata.