Login pa app ya Django: ndiike plugin kapena ndingolemba ndekha?

wa_ku_Ndirande
Akuluakulu tandithandizeni. Ndikupanga ka app ndi Django (framework ya Python yopangira ma website) koti ana a pa koleji azipezerapo ma hostel ndi nyumba za lendi, ma landilodi aziikapo zithunzi ndi mitengo. Pano ndafika poti aliyense azilowa ndi akaunti yake, kulembetsa, kuiwala password, zonsezo. Mnzanga wandiuza za django-allauth, plugin yoyendetsa za ma akaunti ndi login, koma nditaona kuchuluka kwa ma settings ake mutu wangoima. Ndiike kapena ndilembe ndekha?

Gogo_Python
Ikani amwene musadzivutitse. pip install django-allauth, mu settings.py pa INSTALLED_APPS muonjezere allauth ndi allauth.account, backend yawo mu AUTHENTICATION_BACKENDS, mu urls.py accounts/ iloze ku allauth.urls kenako migrate basi. Pomwe ambiri amakodwa ndi pa MIDDLEWARE, ma tutorial akale a pa YouTube sanena koma kuyambira version 0.56 ya 2023 pamafunika allauth.account.middleware.AccountMiddleware, mukaiwala server siidzuka n'komwe imangokulavulirani error.

Koma musanapange zonsezo pangani kaye user model yanu yochokera pa AbstractUser, muilembe pa AUTH_USER_MODEL. Inuyo muli ndi anthu amitundu iwiri, ana asukulu ndi ma landilodi, ndipo mawa lino mudzafuna kuikapo nambala ya foni. Kusintha model imeneyi database ili kale ndi anthu ndi chintchito cholilitsa, ndiye ngati muli ma akaunti ongoyesera okha fafanizani muyambirenso lero lomwe.

nkhwazi265
Ine ndiye ayi. Django imabwera kale ndi LoginView, LogoutView ndi PasswordResetView, chongotsala ndi tsamba lolembetsera lomwe ndi UserCreationForm ndi ka view kamodzi. Ma password amabisidwa ndi njira yotchedwa PBKDF2 chimodzimodzi, plugin ilipo kapena palibe. Plugin iliyonse ndi katundu woti uzimusenza nthawi iliyonse ukupanga update, ka app kakang'ono ngati aka za chani?

mlongo_wa_code
Achimwene a nkhwazi mukunena zoona koma taganizirani anthu omwe azigwiritsa ntchito. Landilodi wa zaka 60 mumuuze apange password kenako akatsegule imelo adine link, ataya mtima pompo, ena imelo yawo anawatsegulira ndi mwana pogula foni ndipo sanailoweponso. Koma pafupifupi aliyense wa foni ya Android ali kale ndi akaunti ya Google, ndiye batani la kulowa ndi Google limathetsa nkhani, ndipo OAuth, njira yomwe batani limeneli limagwiritsa ntchito, si yoti muzilemba nokha pamanja. Apa mpomwe allauth imadyera. Muonjezere allauth.socialaccount ndi provider ya google, client ID ndi secret mukatenge ku Google Cloud Console, redirect yake ithere ndi /accounts/google/login/callback/ ndendende, ka slash komaliza kakasowa Google imakana.

ACCOUNT_EMAIL_VERIFICATION isiyeni pa optional, mandatory ithamangitsa anthu. Poyesa pa laputopu EMAIL_BACKEND ikhale ya console, maimelo azingotuluka pa terminal. Komanso musadabwe, masamba ake amabwera osavala, zilembo zakuda pa zoyera basi, mupange templates/account/login.html yanu.

wa_ku_Ndirande
Zikomo kwambiri nonse. Database ndafafaniza, munali ma akaunti ongoyesera okhaokha. Funso lina, landilodi akalowa ndi Google ndidziwa bwanji kuti ndi landilodi osati mwana wasukulu?

Gogo_Python
Google sikuuzani zimenezo. Ikani field pa user model ija ikhale yopanda kanthu poyamba, munthu akangolowa koyamba mumutumize pa tsamba asankhe yekha.